Mayi Rozina ndi Mkamwini Wawo M'tenti ya Kolona

Mayi Rozina akhala akukolopa m'chipatala kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anabadwira kwa Nthache, m'mudzi womwe galimoto sizifikako nthawi ya dzinja. Sukulu analekezera Sitandade 5. Anakwatiwa akadali wamng'ono, anabereka ana anayi, n'kutsala mmodzi, wamkazi, dzina lake Iness. Mwamuna wawo ankaotcha makala. Mitengo itatha, anawolokera ku Mozambiki kukafuna ina, ndipo anakapezako mitengo ndi mkazi yemwe. Apo m'pamene mayi Rozina anatsikira ku boma, Iness atamugwira pamkono, n'kukapempha ntchito.

Papepala, ntchito yawo imalembedwa kuti wothandiza m'wodi. Kunena mosabisa, ndi ntchito yotola zimene thupi la wodwala lataya. Masanzi, magazi, mikodzo, zonse zimadikira iwo. Mawondo anayamba kuwawa kalekale, ndipo mwendo wamanzere amachita kuukoka. Odwala akachira amathokoza adokotala. Wokolopa sam'kumbuka nkhope.

Iness atakula anakwatiwa ndi a Timoti, omata matayala a mathiraki pamalire. A Timoti ndi chimunthu chachikulu, choseka mokweza, chosatha nthabwala. Anamanga nyumba pamalo a apongozi awo, kuseri kwa nyumba ya mayi Rozina, ndipo mwana wawo woyamba anam'tcha Sungani. Koma nthabwala zawo zonse zinkathera pampanda. Analeredwa ndi amalume awo kwa Kanduku, kumene mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, awiriwa sanagwiranepo chanza, sanadyerepo pamphasa imodzi. Pakakhala nkhani, a Timoti ankanyonyomala chapatali, chipewa m'manja, maso kumbali. Ena amati zimenezo n'zachikale. Pakhomo pamenepo zinkasunga mtendere, ndipo mawu a mayi Rozina a Timoti sanawabwezepo n'kamodzi komwe.

Kolona atamveka mu 2020, ogwira ntchito anawasonkhanitsa pabwalo n'kuwauza zoona: matendawa ndi atsopano, palibe amene akuwadziwa bwino. Poyamba lamulo linali lopopera kolorini paliponse, pazitseko, pansapato, pamabedi, mpaka manja a mayi Rozina anang'ambika ngati zidendene. Patapita miyezi kunabwera mawu ena, akuti kachilomboka kamayenda kwambiri mumpweya, tsegulani mawindo, musavule masiki. Iwo sankatsutsa. Ankangochita zimene zanenedwa mwezi umenewo, n'kumatopa.

Anawaika kutenti ya odwala kolona, kuseri kwa mawodi. Kumeneko achibale sankaloledwa kulowa, choncho kudyetsa, kusambitsa, kutaya mabeseni odzithandiziramo, zonse zomwe wodikirira wodwala amachita zinagwera ogwira ntchito. Kumjigo amayi anzawo ankawapatsa mpata wotunga msanga, osati mwaulemu koma kuti achokepo.

M'tentimo anaphunzira ndi maso. Panali kachipangizo kopana chala, kosonyeza kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Munthu ankatha kumacheza, kumanena kuti akupeza bwino, nambala ili pa 80. Poyamba ankakhulupirira wodwala. Atakulunga anthu angapo amene dzulo lake ankacheza, anayamba kukhulupirira nambala. Anaonanso kuti wodwala ukamugoneka chafufumimba, nambala imakwera, chifukwa mapapo a kumsana amapeza mpata. Koma kumutembenuza munthu wofooka, ali ndi paipi ya mpweya kumaso, si ntchito ya munthu mmodzi.

Mu Julaye 2021 matenda anabweranso kachitatu. Kunkazizira, manachesi ali mbwee m'mbali mwa msewu. Tsiku lina Iness anauza mayi ake kuti bambo a Sungani asenda nachesi n'kukalipira wogulitsa kuti ndi lopanda fungo.

"Akayezetse lero lomwe," anatero mayi Rozina.

Mawuwo Iness anawachedwetsa. Amuna ake anali atayamba kale kufukiza masamba a bulugama ndi kumwa jinja wa mandimu, ndipo iye ankaopa tenti ngati mmene aliyense ankaiopera. Panapita masiku asanu.

Lolemba m'mawa mayi Rozina anali m'kachipinda kovalira, pakhomo pa tenti. Anali atavala ovololo yapulasitiki yophimba mpaka kumutu, jombo, magolovesi awiriawiri, masiki ndi magalasi. Atavala choncho, onse ankaoneka chimodzimodzi, n'chifukwa chake ankalemberana maina pachifuwa ndi cholembera chakuda. Asanalembedwe, anaona galimoto yapamtunda ikuima, amuna atatu akutsitsa munthu wamkulu, Iness akulira pambuyo.

Anagwira mkono wa anesi a Betty, omwe ankayang'anira tenti ya amuna.

"Asisitala, amene akutsitsidwawo ndi apongozi anga."

"Pepani, mayi. Ndiye muwasamala bwino."

"Simukundimva. Ndi amuna ake a Iness. Sindingawakhudze."

A Betty anali a ku Zomba, okulira m'tauni. Anayamba kuseka, koma ataona maso a m'magalasiwo analeka.

"Nanga ndiwatembenuza ndi ndani? A Dyna, wothandiza mnzanu uja, ali kunyumba, nawonso apezeka nako kachilomboka. Mnzathu wamwamuna uja anam'tumiza kumalire kukayeza madalaivala. Tatsala awiri, mayi. Munthuyo kulemera kwake ndi matumba awiri a simenti."

"Ineyo ndingalimbe mtima. Koma iwo akadziwa kuti ndine, sadzadya, sadzadzithandiza. Adzadzuka n'kumapita."

A Betty anayang'ana panja, pomwe adokotala anali atapana kale chala cha wodwalayo.

"Ili pa 79," anafuula adokotalawo. "Konzani bedi."

Anesiwo anatsegula cholembera n'kulemba pachifuwa cha mayi Rozina zilembo zinayi zikuluzikulu: DYNA.

"Ndiye musalankhule. Kaya muzichita kuloza."

Linali bodza, palibe dzina lina loti n'kulipatsa. Mayi Rozina, omwe sanatengepo ngakhale sopo wa m'chipatala, analivala bodzalo n'kulowa nalo.

A Timoti anawaika pa mpweya wa m'silinda. Adokotala anawalembera mankhwala ochepetsa kutupa kwa mapapo ndi jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Mankhwala a mapapowo amakweza shuga, ndipo a Timoti anali ndi shuga kale osadziwa, choncho ankawabaya chala kangapo patsiku. Zimenezo zinali za a Betty. Za mayi Rozina zinali zotsalazo.

Tsiku loyamba lomwelo anawavula malaya. Anawagwira m'chiuno powatembenuza. Madzulo anawaikira beseni, n'kuwapukuta. Magalasi ankachita nthunzi mpaka osaona bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anathokoza nthunziyo. Atatuluka, anakhala pa benchi kuseri kwa tenti, ovololo itadzaza thukuta, osafuna tiyi, osafuna kanthu.

Mawa lake Iness anabweretsa phala pampanda wawaya pomwe achibale ankasiyira zakudya. Atapereka kontena kwa wovala ovololo amene anabwera kudzalandira, anayang'ana dzina la pachifuwa, kenako mwendo wamanzere.

"Amayi," ananong'ona, "ndinu?"

Mayi Rozina anagwedeza mutu kuvomera.

"Mayo ine! Akadziwa?"

"Iwe wandidziwira mwendo. Iwo sanandiyang'anepo ndikuyenda. Tseka pakamwa."

"Abale awo akuwaimbira foni. Akuti mpweya umenewo ndi umene ukupha anthu, aliyense amene amuika masiki satuluka."

"Abale awo anakolopapo muno? Bwera nalo phala mawa, usathire shuga."

Pofika Lachitatu nambala inkasewera pa 88 ndi 90, ndipo nthabwala zinabwerera. Pabedi loyandikana ndi la a Timoti panali a Elvis, dalaivala wa thiraki yemwe anadwalira pamzere wa pamalire akuchokera ku Tete. Awiriwa ankadziwana, ndipo ankacheza atagona chafufumimba, mawu akutulukira m'masiki.

"Mjomba," ankatero a Elvis, "tayala lija munandimatira linaphulika ndisanafike pa Zobue."

A Timoti, powatcha bwana m'chiyankhulo cha kutsidya, ankayankha kuti, "Linaphulika ndi mimba yanuyo, patarau. Tayala langa siliphulika."

Mayi Rozina akuwamwetsa phala ndi sipuni, a Timoti anawerenga dzina la pachifuwa.

"A Dyna, kodi pokulembani ntchito anakusokani pakamwa?"

Mayi Rozina anangowayandikizira sipuni pakamwa.

"Kapena ndinu okongola kwambiri, mukuopa kuti tikufunsirani?"

"Musiyeni," anatero a Elvis. "Mkazi wosalankhula ndikumufuna ineyo."

A Timoti anaseka mpaka kutsokomola. Chifuwa chitadekha, anatsitsa mawu.

"A Dyna, zoona tsopano. Mukuwadziwa mayi Rozina, okolopa aja? Ndi apongozi anga. Ndikudziwa kuti amagwira mbali ino. Chonde, auzeni asisitala, asalowe muno ine ndili chonchi. Ndikadzangowaona pakhomopo, ndibowola tentiyi n'kuthawa, matako pamtunda momwemu. Mayi amenewo ndimawaopa kuposa kolonayu."

Mayi Rozina anatunga phala lina n'kuwapatsa.

Matendawa ali ndi khalidwe loipa: amaoneka ngati akutha, kenako n'kubwerera mwaukali. Lachisanu a Elvis analeka kuyankha nthabwala. Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, anamwalira. A Betty ndi mayi Rozina anawakulunga a Timoti akuona, popeza m'tenti mulibe kobisira kanthu. Atatha, a Betty anaitanidwa kutenti ya amayi komwe wodwala wina anakomoka.

"Ndibwera pompano. Muyang'ane masilinda."

Mayi Rozina anali kukolopa pomwe panali bedi la a Elvis pamene anamva phokoso kumbuyo. A Timoti anali atakhala tsonga, masiki atakwezera pamphumi, akufufuza nsapato ndi phazi. Milomo inali yotuwa. Kuyambira m'mawa nambala yawo inali ikutsika, ndipo mpweya ukachepa m'mutu, nzeru nazo zimachepa.

Anathamangira pabedi n'kubwezera masiki. A Timoti anaikankha.

"Ayi! Ndaona ndekha. Munthu amacheza bwinobwino, mwam'pha ndi chimpweya chanuchi."

Mayi Rozina anapana chala chawo ndi kachipangizo n'kuwalozera nambala. Inali pa 74.

"Manambala anuwo. Ndikupita kwathu. Ndikafere pakhomo."

Anaimirira, n'kupepesuka. Mayi Rozina anawagwira mkono ndi manja awiri. Munthu wonyamula matayala a thiraki, ngakhale akudwala, si wogwidwa ndi mayi wa mawondo owawa. A Timoti anawakankha, ndipo mayiwo anagwera pa chidebe chokolopera. Odwala ena ankangoyang'ana, aliyense akulimbana ndi kupuma kwake. A Timoti anayenda mapazi atatu atagwira chitsulo cha bedi, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa. Pakhomo pa tenti panali mapazi ena khumi. Mayi Rozina anali ataonapo anthu akugwa asanafike pamenepo, ndipo ena sanadzukenso.

Kukaitana a Betty kunali kutali. Kuloza kunali kutakanika. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Bambo a Sungani."

A Timoti anaima.

"Bambo a Sungani, bwererani pabedi."

Sanatembenuke. Anangoti, ndi mawu aang'ono osayenera thupi lawo, "Amayi?"

"Ndine. Ndakhala ndili ine kuyambira Lolemba."

Mayi Rozina anasendera pafupi n'kupitiriza.

"Mverani, chifukwa sindibwereza. A Elvis sanaphedwe ndi mpweya. Anakhala masiku khumi akudwalira m'thiraki, anafika kuno mapapo atatha. Ine ndakulunga anthu ambiri muno, ndipo ndikudziwa amene amatuluka ndi miyendo yawo. Ndi amene amasiya masiki kumaso n'kugona mmene tawagonekera. Mwana wanga sindinamulere ndekha kuti akhale wamasiye chifukwa cha foni za abale anu. Bwererani, muvale masiki, mugone chafufumimba."

A Timoti anabwerera cham'mbuyo, osayang'ana komwe kunali mawuwo. Anakhala pabedi, anatsitsa masiki okha, anakoka nsalu n'kudzifunda mpaka m'khosi. Kenako, mopanda wowathandiza, anadzigwetsa chafufumimba, nkhope ataipanikiza ku nsalu ya tenti. Mapewa ankagwedezeka. Kaya kunali kupuma kaya kulira, mayi Rozina sanafune kudziwa. Anatsegulira mpweya kufika pomwe a Betty anawasonyeza, anapana chala chomwe chinatulukira kunja kwa nsalu, n'kuima chapatali. Nambala inali pa 68. Inakwera pa 75, inaima, kenako 83. A Betty pobwera anaipeza pa 89.

"Chachitika n'chiyani? Bwanji mwanyowa chonchi?"

"Ndalankhula," anatero mayi Rozina.

Zimene ankaopa zija zinachitikadi, kupatula kuthawa. Tsiku limenelo ndi lotsatira a Timoti anakana phala, anakana beseni. Koma masiki sanaigwirenso, ndipo ankagona chafufumimba maola ambiri kuposa wodwala aliyense, chifukwa kugona chagada kunali kuona apongozi akudutsa. A Betty anachita kusiya majakisoni n'kumawadyetsa okha, akukalipa.

"Bambo, ine ndili ndi odwala khumi ndi anayi. Manyazi anuwo akudyera anzanu nthawi. Tsegulani pakamwa."

"Asisitala, anandisambitsa," anatero a Timoti motsitsa. "Anandipukuta. Ndinawafunsira mocheza."

"Ndiye? Munafa nazo? Mezani."

Powatembenuza, anagwirizana zoti azikokera nsalu ya pabedi, a Betty kumutu, mayi Rozina kumiyendo, osakhudza thupi. A Timoti ankatsinzina mpaka zitatha. Dzina la Dyna silinalembedwenso pachifuwa cha mayi Rozina. Mwini dzinalo anachira n'kubwerera pantchito patatha masiku anayi, ndipo anadabwa kuti wodwala wa pakona bwanji amabisa nkhope akamva dzina lawo.

Mpweya anayamba kuuchepetsa pang'onopang'ono, kuchoka pa masiki kupita pa timapaipi ta m'mphuno. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri a Timoti anatuluka, thalauza atamangira chingwe, akupumira kawiri asanafike pageti. Anathokoza adokotala, anathokoza a Betty. Mayi Rozina anali kuseri, akuchapa mabeseni.

Kunyumba zinthu sizinabwerere m'malo. A Timoti sankatuluka apongozi awo akakhala pabwalo. Kuchimbudzi ankadikira mpaka amve kuti apita kuntchito. Kuseka kuja sikunamvekenso kuseri kwa mpanda. Amalume awo anabwera kuchokera kwa Kanduku, ankhoswe anakhala pansi, n'kunena kuti nkhani ya matenda si mlandu, apereke nkhuku kwa apongozi, aziyankhulana momasuka ngati mayi ndi mwana. Nkhuku inaperekedwa, inadyedwa. A Timoti anakhala pamwambowo maso ali pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mu Seputembala Iness anabwera kwa mayi ake, anakhala pakhonde nthawi yaitali akusewera ndi chitenje.

"Tapeza nyumba ya lendi pafupi ndi malire. Akuti kufupi ndi ntchito, chifukwa njinga ikuwabanikitsa."

"Njinga," anatero mayi Rozina.

"Amayi, musawaone ngati osayamika. Usiku sagona. Akuti akatsinzina amaona beseni lija."

"Sindinanene kanthu. Ana asukulu mukawalembetsa kuti?"

Nkhaniyi a Betty anaimva Lolemba lotsatira, akuvala m'kachipinda kaja. Odwala anali atachepa, tenti ya amayi anali ataitseka.

"Ndiye mwatsala nokha pakhomo? Ndine ndinakulakwirani ndi cholembera chija."

"Simunalakwe. Panalibe wina."

"Mukanangokhala chete tsiku lija, mwina ine ndikanafika."

"Simukanafika. Ndinawerenga mapazi."

A Timoti ndi Iness anasamuka Loweruka masana. Mayi Rozina anakhala pakhonde, mwendo wowawawo atautambasula, akuona bedi, mbaula ndi matumba a chimanga zikukwezedwa m'galimoto. Adzukulu anabwera kudzatsanzika mmodzimmodzi. A Timoti anamangirira katundu, n'kuima kuseri kwa galimoto komwe sankaoneka. Anaitana Iness n'kumunong'oneza, ndipo Iness anabwera pakhonde.

"Akuti nyumbayo musaisiye chabe, muikemo munthu. Akuti malata a chimbudzi chanu adzatuma anthu kudzakhoma mvula isanayambe."

"Uwauze ndamva. Uwauzenso kuti tsiku lokaonana ndi adokotala a shuga ndi Lachinayi, asalumphe. Katemera akabayitse likakwana tsiku limene anawalembera."

Iness anapita kuseri kwa galimoto, n'kubweranso.

"Akuti sadzalumpha."

Galimoto inalira n'kutsika kumsewu. A Timoti anakhala pamwamba pa matumba, atafulatira. Mayi Rozina anawamva akukalipira dalaivala kuti ayende bwino pa mabampu, mawu athunthu, otuluka m'chifuwa chopuma, osadukiza ndi chifuwa. Anamvetsera mpaka mawuwo anazimirira. Kenako anadzuka movutikira n'kukatseka chitseko cha nyumba yakuseriyo, chomwe anachisiya chotsegula.